Ndevu za Kaputeni

1. Funso la m'mawa

"Kodi kaputeni wa Ulises wapita kuti?"

Mawuwo anachokera pabalaza, pamene Doña Amparo ankayala nsalu yoyera patebulo la akufa. Mwana wawo Nayeli anali kukhitchini, akumwa khofi mothamanga ngati kapuyo ithawa. Mnzake wa m'kalasi, Braulio, anaima pakhomo kumudikira, ndipo mwadzidzidzi anayamba kuchita chidwi ndi zingwe za nsapato zake.

Kaputeniyo anali m'chikwama cha Nayeli, atakulungidwa m'sokosi.

Anali kamsilikali ka pulasitiki kosatalika kuposa chala chachikulu. Ulises, mchimwene wake wa Nayeli, anamupenta nyengo yonse ya mvula asanapite kukagwira ntchito kumzinda wakutali wa Monterrey. Nkhope anatengera ya bambo awo, malemu Don Heriberto: kachipsera pamwamba pa diso, ndi ndevu zapamlomo zakuda bii, pakuti bambowo anamwalira imvi zisanawapeze.

Chaka chilichonse pa Tsiku la Akufa, pamene amati omwalira amabwera kudzaona abale awo, Doña Amparo ankaimika kaputeniyo pafupi ndi chithunzi cha amuna awo, pakati pa maluwa achikasu ndi mkate. Ankati chithunzicho chinafwifwa, amene anasunga nkhope yeniyeni ndi kaputeni.

Tsikuli linali Lachisanu. Tebulo linkayenera kukhala litakonzeka pofika Loweruka madzulo, nthawi yofika basi ya Ulises.

Kunja kunkawaza chipichipi, kamvula kathu kosamveka padenga koma konyowetsa mpaka m'mafupa.

"Usanjenjemere, Naye," anatero Braulio atakhota pangodya. "Mawa masana tisewera, tipambana, madzulo abwerera pamalo pake. Akufa sayang'ana wotchi."

"Mamá amayang'ana."

"Nanga ukufuna tikalowe ndi gulu lopanda mtsogoleri? Atiseke ana a sukulu ina aja? Kubwereka mtsogoleri n'kololedwa. Ndipo akangoona kaputeni wa Ulises, madayisi awagwa m'manja."

Loweruka limenelo kunali masewera a ongoyamba kumene kusitolo ya Don Evaristo, osewera awiriawiri. Lamulo la sitoloyo linali limodzi: kamsilikali kosapenta sikakwera patebulo. Nayeli anali atapenta gulu lake loyamba, koma mtsogoleri anali asanamuyambe n'komwe.

2. Chenjezo la Don Evaristo

Sitolo ya Don Evaristo ili m'kanjira kotsetsereka kuseri kwa msika. Kutsogolo amagulitsa penti, timaburashi ndi mabokosi a tiasilikali. Kumbuyo kuli matebulo a timapiri ta makatoni ndi timitengo ta siponji. Kumeneko anthu akuluakulu ndithu, ena a ana awo kale, amayeza mtunda ndi tepi, kuponya madayisi ndi kukangana ngati dziko lawo lalandidwadi.

Ataweruka kusukulu, Nayeli anandandalika tiasilikali take pakauntala. Kaputeni sanamutulutse.

Don Evaristo anatsitsira magalasi awo pamphuno n'kutola kamodzi.

"Aka ndiye koyamba," anatero.

"Mwadziwa bwanji, Don Evaristo?"

"Kalibe maso, mija, mwana wanga. Kalibe mphuno. Unachita kukaviika m'chitini?"

Braulio anaseka. "Ine ndinamuuza kuti kakuoneka ngati mbatata yovala chipewa."

"Iwe khala chete. Kako koyamba ndikukakumbukira. Kanali ngati kapulumuka pangozi ya basi."

Anakaika pansi bwinobwino, n'kutembenukira kwa Nayeli.

"Tamvera, mija. Aliyense woyamba amafuna kumaliza ulendo umodzi. Amatapa penti wolimba ngati phala n'kumata, kenako n'kumadabwa kuti mabatani alowera kuti. Penti amafuna kadontho ka madzi. Upake mopyapyala, udikire aume, upakenso. Ulendo woyamba kamaoneka konyansa, ndipo apo ndi pamene ambiri amataya mtima n'kuwonjezera. Usawonjezere. Dikira. Theka la ntchito imeneyi ndi kungokhala osagwira kanthu, ndipo theka limenelo ndi limene achinyamata limakukanikani."

Anatola kamene Nayeli anapenta komalizira.

"Koma taona aka. Apa ndiye wayamba kumva. Lamba akuoneka, zala zikuoneka. Tsono koyamba kaja usadzakafufute kapena kukapentanso. Kuno sititero. Ukasunge, chaka chamawa kadzakuuze kumene wachokera."

Nayeli anamwetulira koyamba tsiku limenelo.

"Chatsala ndi vanishi basi," anatero Braulio. "Ulises anasiya chitini chopopera kwawo. Tipopera madzulo ano."

Don Evaristo anavula magalasi.

"Lero? Tasuzumira panja, mnyamata iwe. Tchalitchi chija ukuchiona? Inenso sindikuchiona, chifunga chakuta ponseponse. Vanishi wopopera amadana ndi chinyezi. Akamatuluka m'chitini amatola madzi a mumpweya n'kukawatsekera pa kamsilikali. Akauma, kamayera mbuu ngati mkate wowazidwa shuga. Ndaonapo amuna a ndevu zawo akugwetsa misozi pakauntala pano. Wina anapenta gulu lake miyezi ndi miyezi, n'kuliwononga khofi wake asanazizire. Kuno ku Xalapa munthu sapopera akafuna iye, amapopera likafuna dzuwa. Mawa mubwere nato choncho. Mukamatigwira m'munsi sitikalika. Ndipo china ichi muchisunge nonse awiri. Chinthu chimene simunachiyesepo, kaya ndi penti, kaya guluu, kaya mankhwala, muziyamba mwachiyesa pa kanthu kanu. Cha mwini chimabwera pomaliza."

"Tamva, Don Evaristo."

"Nanga mtsogoleri mwamupeza?"

"Tibwereka," anayankha Braulio mofulumira.

Don Evaristo anayang'ana Nayeli. Nayeli anali kalikiliki kulongedza.

3. Pakhonde la kuseri

Anapeza nyumba ili yokha. Doña Amparo anali kwa achemwali awo kukathandiza kukulunga matamale a mawa, chakudya cha ufa wa chimanga chophikira m'makoko.

Nayeli anamasula sokosi ija patebulo lakukhitchini. M'mphepete mwa chipewa cha kaputeni penti anali atakalika. Kanali kachilema kakang'ono ngati njere ya mchere, koma Ulises ankatha kuona fumbi pa kamsilikali ali kuchipinda china.

"Wakhulana ndi bokosi la mapensulo," anatero Nayeli motsitsa mawu.

"Ndiye vuto lili pati? Penti uli naye. Tseka."

Nayeli anasungunula penti wakuda ndi kadontho ka madzi monga anaphunzirira, n'kugunda pamalopo ndi nsonga ya kaburashi. Chilemacho chinatsekeka. Koma penti watsopanoyo atauma, ankanyezimira mosiyana ndi chipewa chonse.

"Zikuoneka."

"Vanishi amafananitsa zonse," anatero Braulio. "Ukapopera, ngakhale Ulises sangaloze kuti ndi apa. Ndinaona pafoni."

"Don Evaristo anati lero ayi."

"Don Evaristo amaopa ndi mthunzi wa mtambo womwe. Ife tikapopera pakhonde la kuseri. Kuli denga, mvula siifika."

Zoona, denga limatchinga mvula. Koma chifunga sichidziwa kuti denga n'chiyani.

Anandandalika tiasilikali tonse pakatoni. Nayeli anaika kaputeni pakati, n'kumuchotsa, n'kumubwezeranso. Braulio ankagwedeza chitini, kampira ka m'kati kakulira kuti kho kho kho.

"Bweretsa," anatero Nayeli. "Gululi ndi langa."

Anapopera uku ndi uku, n'kubwerezanso pa kaputeni kuti chipewa chikwane bwino.

Poyamba zinakongola. Mitundu yonse inawala, jekete yabuluu ya kaputeni n'kukhala ngati yangochoka kwa telala.

"Ukuona? Nkhalamba zimangokonda kuopseza."

Kenako vanishi anayamba kuuma. Kuyera kunayambira pamapewa. Kunakwera chipewa, n'kutsikira kunkhope. Kachipsera ka pamwamba pa diso kanazimirira. Ndevu zakuda zija zinasanduka ngati zaviikidwa mu ufa.

Braulio anapukuta kamsilikali kamodzi ndi malaya ake. Sikanasinthe. Anakanda ndi chikhadabo. Sikanasinthe.

"Mwina kakauma kwambiri kabwerera," anatero.

"Kauma kale."

Kutsogolo kunamveka kiyi akuzungulira pachitseko. Braulio anavundikira katoni yonse ndi beseni lochapira, n'kutulukira kumpanda wa kuseri osatsanzika.

4. Botolo la mchemwali wake wa Braulio

Loweruka m'mawa Doña Amparo anatenga dengu la kumsika, n'kuima pakhomo.

"Nayeli, ndikukatenga maluwa ena. Ndikabwera tisanthula nyumba yonseyi. Kaputeni apezeke Ulises asanafike. Bambo ako sangabwere kudzationa n'kupeza malo awo ali mbee."

"Chabwino, Mamá."

"Maso akowo afiira bwanji? Wagona?"

"Ndi chimfine."

Atangochoka, Braulio anatulukira ndi kabotolo m'thumba la jekete ndi timitengo ta thonje m'manja. Mchemwali wake amakongoletsa anthu zikhadabo pafupi ndi paki.

"Asetoni," anatero monyadira. "Amachotsa penti wa m'zikhadabo kamodzi n'kamodzi. Kadontho pathonje, upukute pamwamba pokha, choyeracho chichoka. Tiyambe ndi kaputeni, ndiye wofunika."

"Unayesapo?"

"Ndinaona pafoni."

"Dzulo unaonanso pafoni."

"Asa! Ndiye uli ndi nzeru ina, a mphunzitsi? Masewera ayamba masana. Mamá wako abwera posachedwa. Fulumira."

Nayeli ananyowetsa thonje. Fungo lake linadzaza khitchini. Anagwira kaputeni m'munsi ndi dzanja lamanzere, n'kuyandikitsa thonjelo kunkhope yoyerayo.

"Pukuta, Naye!"

Nayeli anamuika pansi kaputeni. Anafufuza pakati pa tiasilikali take n'kutola kopanda maso kaja.

"Ukutaya nthawi," anatero Braulio. "Komanso Don Evaristo anati koyambako usakakhudze."

"Anatinso cha mwini chimabwera pomaliza."

Anapukuta chipewa chake kamodzi. Choyeracho chinachokadi, ndipo Braulio anawomba m'manja. Anapukutanso. Penti yense anatsatira thonje. Asanachotse dzanja, chipewa chinafewa ngati chingamu chotafunidwa. Nkhope, imene inalibe maso kale, inamatirira kuthonje n'kutamuka ngati ulusi.

Onse awiri anayang'ana kamutu kosungunukako. Kenako anayang'ana kaputeni, amene anaima pambali, woyera koma wathunthu.

"Mwina tiasilikali ta pafoni tija tinali tachitsulo," anatero Braulio ndi mawu aang'ono.

Nayeli anatseka botolo mwamphamvu. Anatenga bokosi la nsapato, n'kuyala thonje louma pansi pake.

"Ukupita kuti?"

"Kwa Don Evaristo."

"Atikalipira pamaso pa anthu onse!"

"Atikalipire."

5. Kaburashi kofewa

M'sitolo munali mutadzaza. Ongoyamba kumene ankatulutsa magulu awo, akuluakulu ataimirira kumbuyo kwawo n'kumapereka malangizo osapemphedwa.

Nayeli anatsegula bokosi pakauntala. Don Evaristo anayang'ana gulu loyeralo osadabwa ngakhale pang'ono. Koma ataona amene anagona pakati, anamutola ndi zala ziwiri n'kumuyandikitsa kumaso.

"Uyu ndi Heriberto," anatero.

"Inde."

"Mayi ako akudziwa?"

"Ayi."

"Nanga aka kachita chiyani?" Anatola kosungunuka kaja.

"Asetoni. Ndinayamba ndi kanga."

Don Evaristo anapumira m'mwamba.

"Mwa zinthu ziwiri zimene ndinakuuza, wamvera chimodzi. Chimodzicho ndi chimene chapulumutsa nkhope ya bambo ako. Tsono tamvera bwino, mija, chifukwa sindibwereza. Munthu akalakwitsa pa ntchito iyi, mdani wake wamkulu ndi changu chofuna kubisa. Kachilema kamodzi kamaitana penti, penti amaitana vanishi, vanishi amaitana mankhwala, mapeto ake watsala ndi phala m'manja. Mchimwene wako anakhala pampando uwo masabata ambirimbiri chifukwa cha ndevu zokhazi. Ankapenta tsitsi limodzilimodzi, akulakwitsa, akufufuta, osalankhula ndi munthu. Sikuti ankafuna mphoto. Ankaopa kuiwala nkhope. Chinthu chotere sabwereka mwakachetechete, ngakhale utakhala ndi cholinga chochibweza dzuwa lisanalowe."

Nayeli sanadzutse mutu. Braulio anali atabisala kuseri kwa shelefu ya maguluu.

Don Evaristo anatsegula kabati n'kutulutsa kabotolo ndi kaburashi kofewa.

"Uyu ndi vanishi wowala, wopaka ndi dzanja. Nthawi zina amalowa m'choyeracho n'kuchitsegula, mitundu n'kubwerera. Nthawi zina ayi. Sindikulonjeza kanthu. Upake mopyapyala, pafupi ndi nyale iyo kuti pazikhala pofunda, ndipo udikire. Ine sindimugwira. Unapopera ndiwe."

Kumatebulo wina anaitana mayina. "Nayeli ndi Braulio! Tebulo lachiwiri!"

Braulio anatulukira. "Naye, tiye. Tisewere ndi toyera tomweti, ndi topenta ndithu. Kaputeni umukonza tikamaliza."

"Tikamaliza basi ya Ulises ikhala itafika."

"Tikapanda kukhala patebulo atichotsa! Mwezi wonse takhala tikukonzekera!"

Nayeli anayang'ana tebulo lachiwiri. Timapiri tinali titaikidwa kale, madayisi ali m'kapu. Anakankhira bokosi kwa Braulio, n'kusungako kaputeni ndi kamsilikali kamodzi.

"Tenga gululi. Kapeze wina wopanda mnzake."

"Ukunena zoona?"

"Pita, akuitananso."

Braulio anatenga bokosi n'kuchoka atakwinya nkhope. Sanacheuke.

Nayeli anakhala pampando wa pafupi ndi nyale. Anaviika kaburashi n'kuyamba ndi kamsilikali kake. Don Evaristo anaona zimenezo, n'kungopita kukaweruza mkangano wa tepi.

Pamene kaburashi kadutsa, choyera chinasungunuka ngati chifunga dzuwa likatuluka. Nayeli anadikira kuti kaume. Sichinabwerere.

Anatenga kaputeni. Anayamba ndi nsapato, kenako jekete. Buluu anabwerera, mabatani anabwerera. Kumbuyo kwake anthu ankakuwa, madayisi akugubuduka, ndipo nthawi ina anamva Braulio akutukwana mwayi wake. Sanatembenuke. Anagwira mpweya n'kudutsitsa nsonga ya kaburashi pamphumi. Kachipsera kanatulukira pamwamba pa diso.

Koma ndevu zinakana. Vanishi wa dzulo anali atalowa m'timizere tonse ta tsitsi. Anadikira, n'kupakanso. Zinada pang'ono m'mphepete, koma pakati zinatsala zotuwa.

Don Evaristo anabwera n'kuziyang'ana ndi galasi lokulitsa.

"Basi, usawonjezere. Pamenepo walowa kwambiri. Ubwere naye Lolemba, kukacha bwino, tidzaone ngati tingazipentenso zakuda. Koma usabwere naye eni ake asanadziwe."

Anatola kosungunuka kaja n'kumupatsira m'manja.

"Akanso usakataye. Kakadali koyamba."

6. Patebulo la akufa

Nayeli anafika kunyumba kukuyamba kuda. Pabalaza panali ngati padutsa akuba. Madirowa anali pansi, makushoni atatembenuzidwa. Tebulo lokha ndi limene linali mwadongosolo: makandulo, maluwa, mkate, mbale ya matamale, kapu ya khofi wakuda, ndi malo opanda kanthu pafupi ndi chithunzi.

Doña Amparo anali atagwada kusuzumira pansi pa kabati.

"Unali kuti? Ndakhala ndikusaka ndekha ngati wamisala. Ulises waimba, basi yalowa kale m'tauni."

"Mamá, ali ndi ine."

Doña Amparo anadzuka pang'onopang'ono. Nayeli anatambasula dzanja.

"Ndinamutenga Lachisanu kuti ndikasewere naye. Anakalika m'chikwama. Ndinamupopera vanishi kunja kuli chifunga, Don Evaristo atandiletsa. Anayera yense. Zina ndakonza. Ndevu zakana."

"Ndinafunsa dzulo m'mawa. Unali kukhitchini."

"Ndinamva."

"Lero unandiuza za chimfine."



Doña Amparo anatenga kaputeni ndi zala ziwiri, m'munsi, monga Ulises anawaphunzitsira. Anapita naye pafupi ndi kandulo. Jekete inkanyezimira ngati ya munthu amene wangolowa kuchokera mumvula. Anamutembenuza uku ndi uku. Kenako anasiya kumutembenuza, n'kungoyang'ana ndevu zotuwazo. Anayang'ana chithunzi cha amuna awo, amene imvi sizinawapeze. Anayang'ananso ndevu.

Kugeti kunamveka likhweru, lalitali kenako lalifupi. M'banja lonse ndi Ulises yekha amene amaimba choncho.

Nayeli anagwira mayi ake pamkono.

"Mamá, chonde, mubiseni kaye. Don Evaristo akuti Lolemba tikhoza kuzipentanso zakuda. Ndimuuza ndekha Ulises, koma asazione chonchi."

Likhweru linamvekanso, ndi phokoso la chikwama chikugunda geti.

Doña Amparo anasuntha maluwa pang'ono. Anaimika kaputeni pamalo pake, nkhope italoza kukhomo.

"Lolemba sapita kulikonse," anatero. "Ndevu izi zikhala mmene zililimu. Kamutsegulire mchimwene wako."